Madzi a ku Salima sadzathetsa okha matenda otsekula m'mimba ku Lilongwe

Ntchito yopopa madzi a m'Nyanja ya Malawi kuchokera ku Salima kukafika ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 100, imalengezedwa ngati yankho la mavuto awiri: kusowa kwa madzi ndi kuda kwake. Pa vuto loyamba mfundoyo ndi yomveka. Pa lachiwiri ikuperewera.

Pakadali pano bungwe la Lilongwe Water Board limadalira mtsinje wa Lilongwe, wochokera m'nkhalango ya Dzalanyama. Madzi amasungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, kenako amatsika mumtsinje, kudutsa m'madimba ndi m'malo othithikana anthu, asanafike popopera ku Area 3. Makala atha mitengo ku Dzalanyama, moti dzinja lililonse mtsinje umadza ndi matope. Matope amafooketsa klorini ndipo amabisa tizilombo, choncho kutunga pamalo oyera kumachepetsadi mankhwala ndi ntchito yosefa.

Komatu madzi sadera kugwero kokha. Mu July 2017 anthu a ku Area 18 adamwa madzi osakanikirana ndi zonyansa za m'suweji, ndipo zonyansazo zidalowa madzi atachoka kale kosefera. Umu ndi momwe zimachitikira: madzi akasiya, mphamvu ya m'paipi imatsika, ndiye paipi yong'aluka imayamwa chilichonse chili pafupi. Madziwo akhale a m'nyanja kapena a m'damu, adzadutsa m'mapaipi akale omwewo.

Apa nkhani ya magetsi ikhala nkhani ya zaumoyo. Nyanja ili pa mamita pafupifupi 470 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Lilongwe ali pa mamita oposa 1,000. Madzi sakwera phiri okha. Blantyre, amene amapopa madzi a mu Shire kuchokera ku Walker's Ferry, amadziwa kuti magetsi akazima mipopi imauma. Mu January 2022 namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo kuzimazima kudatenga miyezi yambiri.

Palinso amene paipiyo sidzawafika. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo boma la Lilongwe lidali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Mabanja ambiri ku Kasiya, Kabudula, Nsaru ndi Nambuma amamwa madzi a pamjigo. Mjigo ukafa amabwerera ku zitsime za m'dambo. Kwa iwo chofunika ndi zipangizo zokonzera mjigo, klorini wothira mu ndowa ndi chimbudzi chabwino. Chodetsa nkhawa china ndi chakuti mzinda ukapeza gwero latsopano, chidwi choteteza Dzalanyama chikhoza kuzilala, ovutika n'kukhala anthu a ku Malingunde ndi madera oyandikana nawo.

Ntchitoyi isayesedwe ndi kuchuluka kwa malita okha. Ofufuza ayambe kulemba tsopano, madzi a m'nyanja asanafike: maola amene mpopi umatulutsa madzi ku Mtandire ndi ku Chinsapo, klorini wotsala pampopi (bungwe la WHO limati asachepere mamiligalamu 0.2 pa lita), tizilombo ta E. coli m'ndowa za m'nyumba, ndi chiwerengero cha ana osafika zaka zisanu otsekula m'mimba m'zipatala za m'tauni ndi za kumudzi monga Kabudula. Popanda ziwerengero zoyambira zimenezi, palibe adzathe kunena ngati ndalama zonsezo zateteza mwana ndi mmodzi yemwe.