Bwalo ndi Nsanja: Nyimbo za Nc'wala m'Makutu a Mlendo wa Masiku Atatu

1.0 Mawu Oyamba

Chaka ndi chaka, Loweruka lomaliza la mwezi wa February likamayandikira, msewu wa Great East umadzaza ndi magalimoto ochokera ku Lusaka, mtunda wopitirira makilomita 550, pamene ena amalowera pa malire a Mwami kuchokera ku Mchinji ndi ku Lilongwe. Onsewa amalunjika ku Mtenguleni, kufupi ndi mzinda wa Chipata, kumene Angoni a Mpezeni amachitira mwambo wa Nc'wala. Ena mwa apaulendowa amafika Lachisanu, kugona m'nyumba za alendo, kuonerera magule Loweruka, n'kubwerera Lamulungu, kapena kupatukira ku Mfuwe kukaona nyama ku South Luangwa. Kwa iwo, Nc'wala ndi chisangalalo cha nyimbo chapanja chopumulirako ku ntchito. M'nkhani ino tikufuna kuunika chimene chimachitikira mawu a nyimbo pamene mwambo wa pabwalo wayamba kukonzedwa ngati chionetsero. Mfundo yathu ndi yakuti gule akukula, koma mawu ake akuchepa mphamvu, ndipo amene ayenera kuda nkhawa poyamba ndi ife ofufuza ndi aphunzitsi a zilankhulo.

2.0 Nsanja ndi Bwalo

Pali misonkhano ya nyimbo ya mitundu iwiri imene tiyenera kuisiyanitsa. Mtundu woyamba ndi wa pansanja. Zitsanzo zodziwika m'chigawo chino ndi Lake of Stars, chisangalalo chimene chinayambira ku Chintheche m'mbali mwa Nyanja ya Malawi mu 2004, ndi Sand Music Festival imene anayambitsa malemu Lucius Banda. Kumeneko woimba amaima pamwamba, womvera amaima m'munsi atalipira pakhomo, ndipo aliyense woimba amapatsidwa nthawi yake. Dongosololi lilibe cholakwa, pakuti nyimbo zake anazipekera makina okweza mawu ndiponso anthu osadziwana.

Mtundu wachiwiri ndi wa pabwalo. Pamenepa mtsogoleri amayambitsa nyimbo, khamu n'kuvomera, ndipo nyimbo siitha chifukwa cha wotchi koma chifukwa ovina akhutira. Ruth Finnegan, m'buku lake la mu 1970 lotchedwa Oral Literature in Africa, anatsindika kuti luso lapakamwa silingapatulidwe kwa wolichita ndi kwa anthu omuzungulira. Gule wa ngoma wa Angoni ndi umboni wa zimenezi. Ngakhale dzina lake likufanana ndi ng'oma, guleyu amadalira kuponda pansi kwa amuna onyamula zishango ndi zibonga, kuwomba m'manja ndi nthungululu za amayi, ndiponso mawu a oimba. Chida chake chachikulu ndi thupi la munthu, ndipo pachifukwa ichi sachedwa kumezedwa ndi phokoso lina.

3.0 Mawu Amene Anayenda Ulendo Wautali

Kuti timvetse kufunika kwa mawu a nyimbozi tiyenera kukumbukira njira imene anadzera. Angoni a Zwangendaba anawoloka mtsinje wa Zambezi mu November 1835 akulankhula chilankhulo chapachibale ndi Chizulu. Gulu la Mpezeni litakhazikika pakati pa Ansenga ndi Achewa, amuna ake anakwatira akazi a m'dzikomo, ndipo ana anakula ndi chilankhulo cha amayi awo. Nchifukwa chake Chingoni cholankhulidwa m'midzi yozungulira Chipata lero chili pafupi kwambiri ndi Chinsenga. Mu 1898 asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni n'kupha Nsingo, mwana wa Mpezeni, ndipo Nc'wala inazimirira mpaka pamene inadzutsidwanso mu 1980. Mbiri ya ndale za Angoniwa anailongosola J. A. Barnes m'buku lake la mu 1954, Politics in a Changing Society, pamene mzindawu unkatchedwa Fort Jameson.

Tikaonetsetsa, malo amene chilankhulo chakale chinabisalamo pa zaka 82 zimenezo ndi nyimbo, zithokozo za mafumu ndi mawu aulemu monga "Bayete". Choncho nyimbo ya ngoma ndi nkhokwe ya mawu amene sakupezekanso pamsika kapena pachitsime. Nyimboyi ikadulidwa pakati, timataya zambiri kuposa chisangalalo cha tsikulo.

4.0 Zimene Nsanja Yasintha

Kusintha koyamba kwadza ndi chimkuzamawu. Pabwalo lakale mwini mawu anali amene wayambitsa nyimbo. Pabwalo la lero mwini mawu ndi amene wagwira maikolofoni. Woyendetsa mwambo akamalengeza za kufika kwa alendo olemekezeka, kawirikawiri m'Chingerezi, mawu a amayi ovomera nyimbo amamveka ngati mphepo chabe. Wokhala pamthunzi wa alendo amaona fumbi ndi zikopa, koma sagwirapo liwu ndi limodzi lomwe.

Kwachiwiri kwadza ndi ndandanda. Magulu ovina ndi ambiri, olankhula nawonso ndi ambiri, tsono gulu lililonse limapatsidwa kanthawi kochepa. Nyimbo ya pabwalo imakula pobwerezabwereza, mtsogoleri akumasinthako pang'ono mawu mpaka tanthauzo litapsa. Ikafupikitsidwa, chotsala ndi mutu wokha wopanda thupi.

Kwachitatu kwadza ndi foni za m'manja. Zithunzi zimene zimafalikira pa Facebook mwambo ukatha zimakonda kuonetsa zovala, ng'ombe yakuda yolasidwa ndi mkondo, ndi mfumu ikulawa magazi ake. Izi ndi zoona, koma ndi zokomera maso. Chimene mwambo ukunena, ndiko kuthokoza chifukwa cha zokolola zoyamba ndi kukumbukira makolo, chimakhala m'mawu, ndipo mawuwo ndi amene satsagana ndi chithunzi.

Vuto lofananalo limaoneka ku Mkaika m'boma la Katete, kumene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana pa mwambo wa Kulamba kumapeto kwa August pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Mu 2005 bungwe la UNESCO linazindikira Gule Wamkulu ngati chuma cha anthu onse, ndipo mu 2007 atsogoleri a mayiko atatuwa anakhala nawo pa Kulamba. Koma nyimbo za Gule Wamkulu ndi zodzala ndi mikuluwiko, ndipo kwawo kwenikweni ndi kumaliro ndi kuchinamwali. Ku Mkaika mlendo wolankhula Chinyanja amamva mawu koma osatola tanthauzo. Ku Mtenguleni amalephera kumva ngakhale mawu amene.

5.0 Mlandu Si Wa Mlendo

Tisafulumire kuweruza apaulendo. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Ndalama zawo zimathandiza eni nyumba za alendo, oyendetsa njinga zakabaza ndi amayi ogulitsa zakudya, ndipo chidwi chawo chachititsa achinyamata a Chingoni kunyadira zishango zimene mwina akanachita nazo manyazi. Komanso Nc'wala ya mu 1980 inabadwira m'nthawi ya misewu, wailesi ndi boma; sitingaibwezere ku masiku a Nsingo. Chimene tikutsutsa ndi kuyesa gule wa pabwalo ndi muyeso wa pansanja, ngati kuti ubwino wake uli m'kuchuluka kwa oonerera. Akuluakulu omwewo anatinso mlendo ndi mame. Lolemba akakhala atabwerera ku ofesi, mwini nyimbo amatsala nayo monga momwe ndandanda yaidulira, ndipo ana ake adzaphunzira chidutswacho poyesa kuti ndi nyimbo yonse.

6.0 Mawu Omaliza

Chinyanja ndi chimodzi mwa zilankhulo 7 zophunzitsidwa m'sukulu za ku Zambia, choncho aphunzitsi a m'chigawo cha Kum'mawa ali ndi mwayi umene woyendetsa mwambo alibe. Tikupempha zinthu zitatu. Poyamba, nyimbo zijambulidwe zathunthu m'midzi pa nthawi yokonzekera mwambo, pamene palibe wotchi kapena chimkuzamawu, ndipo oimba afotokoze okha zimene akuimba. Kachiwiri, polemba mawu ake tisawawongole kuti afanane ndi Chizulu cha ku Durban kapena ndi Chinyanja cha m'kalasi, pakuti kusakanizika kwa Chingoni, Chinsenga ndi Chichewa ndiko mbiri yeniyeni ya anthuwa. Kachitatu, okonza mwambo apereke nthawi imene makina onse adzatonthola kuti bwalo limve amayi akuvomera nyimbo. Mlendo amene wayenda makilomita mazanamazana kudzamvera nyimbo sangadandaule atapatsidwa mpata woimva.