Mawu Akuti "Mankhwala" pa Botolo la Chiphe

M'chaka cha 2000 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lotchedwa Pesticides Act, ndipo kudzera m'lamuloli boma lidakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board. Ntchito ya bungweli ndi kulemba m'kaundula zinthu zophera adani a mbewu, kupereka zilolezo kwa oziitanitsa kunja ndi ozigulitsa, ndiponso kuona kuti chogulitsidwa chilichonse chili ndi kapepala kofotokoza kagwiritsidwe ntchito kake. Lamulolo lidalembedwa m'Chingerezi. Mlimi wa kudimba saliwerenga. Amakumana nalo pa kapepala komatidwa pa botolo, pa wailesi ndi pakamwa pa mlangizi. Choncho lamuloli limafika pokhapokha pamene mawu a Chichewa olifotokoza afika, ndipo mawu amene azolowereka pa nkhaniyi ali ndi zofooka zoyenera kuziunika.

Chofooka choyamba chili m'mawu akuti "mankhwala". Mawuwa amatchula zimene wodwala amalandira kuchipatala, mizu ya sing'anga, ndi madzi opopera thonje. M'malamulo a dziko zinthuzi n'zolekana: zochizira anthu zili pansi pa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, pamene zopopera mbewu zili pansi pa bungwe latchulidwa lija. Boma lidaika mabungwe awiri pamene chiyankhulo chili ndi liwu limodzi. Vuto n'lakuti m'khutu mwa Mchewa mankhwala ndi chinthu chothandiza, chosungidwa m'nyumba pafupi. Kapepala kolembedwa kuti "sungani mankhwalawa patali ndi ana" sikanena chachilendo, pakuti mawu omwewo amalembedwanso pa botolo la mankhwala a chifuwa.

Omasulira ambiri amawonjezera mawu nati "mankhwala ophera tizilombo", koma apanso pali mbuna. Azaumoyo adatenga kale liwu lakuti "tizilombo" kutchulira tinthu toyambitsa matenda m'thupi, kotero kuti mawu omwewo akhoza kutanthauza mapiritsi a kuchipatala. Kuwonjezera apo, liwu la Chingerezi lakuti pesticide limaphatikiza zophera udzu, zophera makoswe ndi zoteteza mbewu ku chiwawu. Udzu si kachilombo, khoswe si kachilombo. Wogulitsa glyphosate akamva pa wailesi kuti ogulitsa mankhwala ophera tizilombo ayenera kukhala ndi chilolezo, akhoza kuganiza mosanama kuti uthengawo sukumukhudza.

Chofooka chachiwiri chikukhudza magulu a kuopsa. Kuyambira 1975 bungwe la World Health Organization limagawa zinthuzi molingana ndi kuopsa kwake kwa munthu, ndipo malangizo a bungwe la FAO amalumikiza maguluwo ndi mizere ya mitundu inayi pa kapepala: wofiira pa zoopsa koposa, kenaka wachikasu, wabuluu ndi wobiriwira. Pomasulira, ena amati "mankhwala amphamvu kwambiri" potanthauza za mzere wofiira. Kwa mlimi amene mbozi zamugwera m'munda, monga zidachitira ntchemberezandonda za mtundu watsopano m'chaka cha 2017, mphamvu ndiyo imene akufuna. Chenjezo lasanduka chomukopa. Mzerewo sunena za kufa msanga kwa mbozi, umanena za kufa msanga kwa wopopera. Palinso olemba amene amagwiritsa ntchito "kubiriwira" pa mtundu wa msipu ndi wa thambo womwe, motero magulu awiri amasanduka limodzi. Apa liwu lobwerekera lakuti "buluu" n'lofunika kulilandira popanda manyazi.

Chachitatu ndi mayina. Anthu adasandutsa kale Actellic kukhala "akiteliki" ndi Temik kukhala "tameki", ndipo poyankhula palibe cholakwika. Koma awa ndi mayina a malonda. Chimene chimapha mu Temik ndi aldicarb, amene ali m'gulu loopsa koposa, ndipo m'chaka cha 2011 adaikidwa pa mndandanda wa Pangano la Rotterdam wa zinthu zimene siziyenera kutumizidwa ku dziko lina dzikolo lisanavomere. Mu Actellic Super, wothira m'chimanga poopa anankafumbwe, muli zinthu ziwiri, pirimiphos-methyl ndi permethrin. Munthu akamwa kapena kupuma chiphe, dokotala amafuna dzina la chinthu chenichenicho kuti adziwe ngati apereke atropine kapena ayi. Pa chifukwa ichi lamulo la kalembedwe lakuti mawu obwerekera alembedwe monga amamvekera m'Chichewa liyenera kuima kaye pakhomo pa mayinawa. Wolemba amene asandutsa pirimiphos-methyl kukhala "pirimifosi" wakometsa tsamba, koma wadula chingwe cholumikiza botolo ndi buku la dokotala. Dzina loterolo lilembedwe monga lilili padziko lonse, ndipo Chichewa chigwire ntchito yofotokoza m'munsi mwake.

Chachinayi n'chaching'ono pochiona, koma chimafika m'mbale ya aliyense. Chopopera chilichonse chili ndi masiku oyenera kudutsa mbewu isanachotsedwe m'munda, kuti chiphe chotsalira chichepe. Kawirikawiri izi zimamasuliridwa ndi mneni wakuti "kukolola". Komatu Mchewa amakolola chimanga. Mpiru ndi tomato amathyola, mbatata amakumba. Mayi wa kudimba amene amathyola masamba kawiri pa sabata sadziona ngati wokolola, choncho akhoza kupopera lero n'kupita nawo kumsika mkuja. Chingerezi chimakwanitsa ndi mneni mmodzi. Chichewa chimafuna atatu, ndipo womasulira wosamala ayenera kuwalemba onse.

Nanga m'malo mwa "mankhwala" muikidwe chiyani? Chiyankhulo chili kale ndi dzina lakuti "chiphe", lochokera ku mneni wakuti "kupha", ndipo limachuluka bwino kukhala "ziphe". Kuchokera apo pakhoza kubadwa banja la mawu omveka: "ziphe za paulimi" monga dzina lalikulu, ndipo pansi pake chiphe cha mbozi, chiphe cha udzu, chiphe cha makoswe ndi chiphe cha anankafumbwe. Ena adzatsutsa kuti alimi adazolowera kale "mankhwala" ndipo liwu lozika mizu silizulidwa ndi kalata. Izi n'zoona, ndipo palibe chifukwa cholimbana ndi kayankhulidwe ka pamsika. Enanso adzati ogulitsa sangakonde liwu loopseza ogula. Koma kapepala ka pa botolo sikalembedwa pofuna kutsatsa malonda. Lamulo lidakaika kuti kachenjeze.

Ntchito yotsala ndi yakuti akatswiri a Pesticides Control Board, alangizi a zaulimi, azaumoyo ndi a Centre for Language Studies ku Zomba agwirizane pa mndandanda umodzi wa mawuwa, auyese pakati pa alimi a fodya, thonje ndi ndiwo zamasamba, kenaka ulowe m'timapepala, m'mapulogalamu a pa wailesi ndi m'mabuku a zaulimi a m'sukulu. Pamene mndandandawo usanatuluke, akonzi ndi aphunzitsi angathe kuyamba ndi zinthu zitatu zimene zili m'manja mwawo: kulemba "chiphe" pamene chinthucho chingaphe munthu, kulemba "choopsa" m'malo mwa "champhamvu", ndi kusiya dzina la chinthu chophacho monga lidalembedwera.