Makhadi Asanu a Madam Eva

M'chigwa cha Barovia, dziko lopeka la masewera a Dungeons & Dragons, wolowa satuluka. Chifunga chazinga malire onse, ndipo woyesa kuchidutsa amabanika n'kubwerera komwe wachokera. Amene amadutsa bwinobwino ndi a Vistani okha, anthu oyendayenda ndi ngolo zopaka utoto zokokedwa ndi akavalo. Mwini dzikolo, Strahd von Zarovich, mzukwa woyamwa magazi, anawapatsa ufuluwu chifukwa makolo awo anam'samalira atavulala kunkhondo, pomwe adakali munthu.

Chimene chimandigwira mtima pa anthu amenewa chili m'hema imodzi, m'mbali mwa dziwe la Tser Pool. M'menemo muli mayi wokalamba, Madam Eva, ndi makhadi ake oombezera ula.

Tracy ndi Laura Hickman, polemba buku la masewerawa la Ravenloft lomwe kampani ya TSR inatulutsa mu 1983, anali ndi vuto lomwe wolemba nthano aliyense amalidziwa: ulosi umakoma ukakwaniritsidwa, koma wolemba akadziwiratu mathero, ulosiwo umasanduka chinyengo. Nzeru yawo inali yakuti ulawo uziomberedwa zenizeni, patebulo, ndi makhadi wamba a njuga. Khadi limene latuluka ndi limene limalamula kumene chuma chabisika. Buku silinalembe malo amodzi ayi. Linasiya mpata kuti dzanja lovundula makhadi ligamule.

Buku la Curse of Strahd la 2016 linakulitsa luso limeneli ndi makhadi 54 otchedwa tarokka. Woyendetsa masewera amasakaniza milu iwiri, uliwonse pawokha, wina wa makhadi 40, wina wa 14, n'kuyala makhadi asanu chafufumimba mooneka ngati mtanda. Atatu oyamba amanena kumene kuli buku la Strahd, chizindikiro chopatulika cha Ravenkind, ndi lupanga lowala ngati dzuwa. Lachinayi limatchula bwenzi lodzathandiza osewera. Lachisanu, la pakati penipeni, limaloza chipinda cha m'nyumba yachifumu momwe adzakumane ndi Strahd maso ndi maso.

Ndiye taonani ukatswiri wake. Madam Eva satchula malo ndi dzina. Amalankhula mophiphiritsa, moti osewera amalemba mawuwo papepala n'kumayenda nawo kwa miyezi. Tsiku lina, ali m'manda kapena pansi pa nsanja, wina amagunda tebulo: ndi pano! Chimwemwe cha mphindi imeneyo sichochita kupanga, pakuti ngakhale woyendetsa masewerayo sanasankhe yekha malowo. Gulu lina likaseweranso, lupanga lija limapezeka kwina.

Sindibisa kuti chithunzi cha a Vistani chinali ndi banga. Anawajambula potengera mphekesera zakale zonyoza anthu enieni a mtundu wa Roma, zoti ndi akuba, zidakwa ndi otemberera. Mu 2020 kampani ya Wizards of the Coast, mwini wa masewerawa, inavomereza zimenezi n'kukonza mawu ena, ndipo buku la Van Richten's Guide to Ravenloft la 2021 linawalemba mwaulemu woposa kale. Anachita bwino, ndipo hema ija sinataye kanthu.

Kunja zeze akulira, moto ukuthetheka, akavalo akupuma pafupi ndi ngolo. Mkati, gogo uja waika chala pa khadi lachisanu, ndipo aliyense patebulo wasiya kugwedeza madayisi.