Zithunzi Zonyozana za ku Fashoda

Anthu awiri akamakangana pa khomo, munthu wanzeru amayamba wafunsa kuti nyumbayo nja yani. Funso limeneli ndilo limene tiyenera kukhala nalo popenya zithunzi-thunzi zoseketsa zimene Angelezi ndi Afalansa anajambulana m'caka ca 1898, pamene analimbirana mudzi wa Fashoda, m'mbali mwa mtsinje wa Nile.

Nkhani yace ndi iyi. Kazembe wa Afalansa, dzina lace Marchand, ananyamuka ku gombe la kumadzulo kwa Africa mu 1896, nayenda zaka ziwiri, nafika ku Fashoda pa 10 July 1898, naimika mbendera. Mu September, Kitchener, atagonjetsa ankhondo a Mahdi ku Omdurman, anafika ndi zombo ndi asilikari ambiri, namuuza kuti acoke. Awiriwa sanaomberane mfuti. Nkhondo yao inamenyedwa ndi zolembera ku London ndi ku Paris, kufikira Afalansa anagonja mu November.

Nyuzipepala yanthabwala ya ku London, yochedwa Punch, inajambula John Bull, ndiye nkhalamba yonenepa yoimira Angelezi, ali pa khomo, alikupitikitsa Mfalansa woimba limba lopukusa m'miseu. Pamwamba pa limbalo pakhala pusi wobvala za usilikari. Mmisiri wace tiyenera kumtama, pakuti ndi mizere yowerengeka wacepsa ulendo wa zaka ziwiri, nausandutsa phokoso la wopemphapempha. Koma taonani kumene waika John Bull. Wamuika pa khomo monga mwini nyumba, ndipo woseka aliyense wabvomera kale, mosadziwa, kuti Nile ndi wa Angelezi. Apa ndipo pagona kucenjera kwa cithunzici, ndiponso bodza lace.

Afalansa anabwezera. Le Petit Journal ya mu November 1898 inatenga nthano ya ana ya mmbulu umene unagona pa kama wa agogo. Mmbuluwo ndi Mangalande, kamtsikana ndi dziko la France, ndipo m'manja mwace muli mkate wolembedwa dzina la Fashoda. Ine ndiyesa kuti ici ciposa cinzace, cifukwa cibvomera poyera kuti mlanduwo unali wa dyera. Komabe naco cinama, pakuti cionetsa France ngati mwana wosalakwa wonyamula kamba wace wa kwao. Kodi mkatewo anauphika ndani?

Fashoda sanali mkate kapena khomo la John Bull. Unali mudzi wa mafumu a mtundu wa Shilluk. Asilikari a Marchand ocuruka anali anthu akuda a kumadzulo kwa Africa, ndipo amtengatenga anasenza pamutu zidutswa za sitima ya pamadzi, Faidherbe, kupyola nkhalango. Ku Omdurman kunagwa anthu a ku Sudan zikwizikwi tsiku limodzi. M'zithunzi ziwirizi simupezeka ndi mmodzi yemwe wa anthu amenewa. Pusi anapeza malo, mmbulu unapeza malo, koma mwini dziko sanawapeze.

Wina anganene kuti izi nza kutali. Iai, ziri pafupi. Mu 1892 Linley Sambourne anajambula mu Punch yemweyo Cecil Rhodes atatangadza, phazi lina ku Cape lina ku Cairo, atagwira waya wa lamya. Pakati pa miyendo yaceyo pali dziko lathu lino, ndipo njira ya maloto amenewo inadzera ku Fashoda. M'caka comweco ca 1898, mu January, Angoni a Mpezeni anathyoledwa ndi mfuti zazikuru ku dera la Chipata, ndipo mwana wace Nsingo anaphedwa.

Mu 1904 Angelezi ndi Afalansa anapangana ubwenzi, ndipo mudziwo unachedwa Kodok kuti dzina la Fashoda lisapwetekenso mitima ya ku Paris. Lero uli m'dziko la South Sudan, lolandira ufulu mu 2011. Akale anati mlendo ndi mame, ndipo mame onse awiri anakamukadi.

Cotero sinditi tizitaye zithunzizi. Tizisunge, tiziphunzitse ana m'sukulu, pakuti ziri mboni zoulula zimene sizinafune kunena. Koma mwana akatha kuseka, mphunzitsi amfunse kuti, "Waona alendo awiri, nanga mwini mudzi ali kuti?"