Theka, nzimbe ndi tsamba louma la masamu

Pali tsamba lina m'mabuku a masamu a ku pulayimale limene limalembedwa ngati samani ya kukhoti. Ndi tsamba la kuphatikiza mafulakishoni amene manambala ake apansi ndi osiyana. Malamulo amangondandalikidwa: pezani LCM, gawani, chulukitsani, phatikizani zapamwamba. Chifukwa chake osachitchula n'komwe.

Zotsatira zake aphunzitsi amazidziwa. Mupatseni mwana 1/2 + 1/3, aphatikiza zapamwamba pazokha, zapansi pazokha, n'kulemba 2/5. Si umbuli ayi, wangochita zomwe wakhala akuchita chiyambire Sitandade 1. Koma taonani abale, 2/5 ndi yochepa kuposa theka lomwe anayamba nalo. Munthu wawonjezera, katundu n'kuchepa! Buku lanzeru likanaima pomwepa n'kumufunsa mwana ngati zoterezi zingachitike pamsika.

Chondiwawa ine ndi mawu oti denominator, amene ana amaloweza ngati dzina la mankhwala. Mawuwa anachokera ku Chilatini ndipo akunena za kutchula dzina. Nambala yapansi ndi dzina la chidutswa, yapamwamba imangowerenga zidutswazo. Mwana aliyense amadziwa kuti mbuzi imodzi ndi nkhuku imodzi sizikhala mbuzi ziwiri. Theka ndi gawo limodzi mwa atatu nazonso ndi zidutswa za maina osiyana, ndiye ziyenera kudulidwa mpaka zifanane.

Tengani nzimbe muidule zidutswa 6 zofanana. Theka lake ndi zidutswa 3, gawo limodzi mwa atatu ndi zidutswa 2. Zonse pamodzi 5 mwa 6, ndiye 5/6 imeneyo. LCM ija yatulukira yokha, mwana akutafuna.

Olemba mabuku angayankhe kuti chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 makalasi anadzaza mpaka ena kukaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo kuloweza ndiyo njira yachidule. Zoona ndithu. Koma pepala lopinda patatu, kenaka pawiri, limapereka magawo 6 omwewo popanda kugula kanthu. Ndipo pamene mphunzitsi ali ndi khwimbi la ana, m'pamene buku liyenera kulankhula lokha, ndi zithunzi komanso mawu amene mwana angawerenge kunyumba agogo ake n'kumva. Mawu oti theka ali m'kamwa mwa aliyense wogula ufa kapena mafuta ophikira. Patsamba lija simuwapeza.