Kachitini ka kunsi kwa galimoto

Ma Noah ndi ma Corolla ambiri onyamula anthu pa msewu wa Chipata ndi Lundazi adayamba ayenda ku Japan, kenako adatsitsidwa padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Nakonde. Amabwera ndi kanthu kena komwe okwera sakaganizira n'komwe. Gwadani, musuzumire kunsi, mutsate paipi ya ekizozi kuchokera ku injini. Mupeza kachitini kachitsulo kofufuma pakati. Ndiyo catalytic converter imeneyo.

Makanika akakadula, m'kati mumapezeka chibuma chopepuka cha dothi lootcha, chobooka timabowo toyambira uku kukatulukira uko. Pa kamalo ka inchi imodzi m'litali ndi m'lifupi pamakhala timabowo pafupifupi 400. Kaumbidwe kameneka adakatulukira a kampani ya Corning ku America m'ma 1970, ndipo dothi lake, cordierite, siling'aluka wamba ngakhale lizitentha ndi kuzizira tsiku ndi tsiku. M'timakoma take amapakamo magalamu ochepa chabe a platinum, palladium ndi rhodium. Platinum wambiri amakumbidwa cha ku Rustenburg ku South Africa, wina ku Zimbabwe.

Utsi wa petulo uli ndi poizoni wa mitundu itatu. Muli carbon monoxide, yemwe uja amapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Muli petulo wosapsa bwino, komanso ma nitrogen oxides amene amalusitsa chifuwa. Awiri oyambawo amafuna kuwonjezeredwa okosijeni kuti asanduke carbon dioxide ndi nthunzi. Wachitatuyo amafuna kulandidwa okosijeni kuti atsale nitrogen wamba. Ntchito ziwiri zotsutsana zikuchitika m'kachitini kamodzi, utsi ukudutsa mothamanga. Zitsulo zija zimangokhala ankhoswe: zimakumanitsa, zimalekanitsa, koma izo sizikwatiwa ndipo sizitha.

Ine chimandigometsa n'chakuti mulibemo chozungulira, mulibe chothira girizi. Carl Keith ndi John Mooney a kampani ya Engelhard, amene adakonza mtundu wogwira mapoizoni atatu onsewo, adadalira muyezo: mpweya magawo 14.7 pa gawo limodzi la petulo. Kachipangizo konunkhiza utsi, kamene Bosch idapanga ndipo Volvo idayamba kukaika mu 1976, kamauza kompyuta ya injini kuti mafuta achuluka kapena achepa, nayo imakonza pomwepo, mobwerezabwereza. Koma kachitinika tisakatamande mopitirira, poti carbon dioxide sikamuchotsa ayi.

Kalinso ndi zimene kamadana nazo. Sikagwira ntchito kasanatenthe kufika madigiri 250 kapena 300, choncho m'mawa wa mu June, taxi ikangolizidwa pamsika wa pa Lundazi, utsi woyambawo umatuluka wosasefedwa. Petulo wa lead ankakapheratu, koma maiko a kuno kwathu adamusiya kale. Masiku ano chimene chimakavuta ndi injini yotha imene ikudya oyilo, chifukwa phulusa lake limatseka timabowo. Nayo miyala ya m'misewu yafumbi yopita kumidzi imaswa chibumacho, chizingolira gwedegwede.

Galimoto ikayamba kulephera chitunda, dalaivala amangoti, “Bwana, chotsani chimenechi, chikundidyera mphamvu.” Makanika amalowetsa chitsulo n'kugumula dothi lonse, n'kuwotchereranso paipi. Zidutswazo sazitaya. Alipo ogula, ndipo amaziyeza pa sikelo.