Kodi Chithunzi Chikadali Mboni?

Kale m'midzi ya ku Ntaja, ku Ulongwe ndi ku Utale, kujambulitsa inali nkhani ya tsiku lalikulu. Wojambula ankabwera pa njinga, kamera ili m'khosi, ndipo banja lonse linkayamba lasamba, ladzola ndi kuvala zovala za Lamulungu. Filimu inkatenga zithunzi 24 kapena 36 basi, choncho panalibe zoseŵera. Pambuyo pake anthu ankadikira masabata angapo kuti chithunzicho chikatsukidwe ku tauni. Chikafika chinkakhomedwa pakhoma, mwina kusungidwa pansi pa sutukesi pamodzi ndi makalata ofunika. Pakabuka mkangano wakuti malemu agogo anali amsinkhu wotani, wina ankangochitulutsa, mkangano n'kuthera pomwepo. Chithunzi chinali mboni.

Lero kamera ili m'thumba. Ku depoti ya Balaka, pa msika wa Liwonde ndi pa Mangochi Turn-off, achinyamata akujambulana ndi mafoni a Tecno, itel ndi Samsung kuyambira m'maŵa mpaka dzuŵa kuloŵa. Pa ukwati umodzi pamajambulidwa zithunzi zochuluka kuposa zimene mudzi wonse unkajambulitsa pa zaka khumi. Tsono funso loti tiliganizire mofatsa nali: zithunzi zachulukadi, koma kodi umboni wake wachuluka nawo?

Tiyambe ndi kumvetsa m'mene chipangizochi chimagwirira ntchito, pakuti ambiri timayesa kuti chimangotola zimene diso laona. Kamera yakale inali ndi galasi lalikulu loloŵetsa kuŵala kokwanira, ndipo kuŵalako kunkasiya chizindikiro chake pa filimu. Kagalasi ka foni n'kakang'ono ngati njere ya nandolo, ndipo kuŵala kumene kamaloŵetsa n'kochepa. Pofuna kukwaniritsa chosoŵacho, amisiri adaika kompyuta m'kati mwa foni. Inu mukadina kamodzi, mafoni ambiri a masiku ano amajambula kangapo m'kuphethira kwa diso, kwina moŵala, kwina moderapo. Kenaka kompyutayo imasankha zabwino za chithunzi chilichonse, imaziphatikiza, imachotsa timadontho ta mdima, imazindikira pamene pali nkhope ndi kuikonza monga idaphunzitsidwira. Chimene mumachiwona pomaliza ndi ntchito ya mmisiri wobisika amene wagamula kale, osakufunsani, kuti chokongola n'chiti.

Mmisiri ameneyu tisamunyoze tisanamuyamikire, chifukwa wakonza cholakwa chakalekale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi loyesera mitundu, lotchedwa Shirley, ndipo pa khadipo panali mkazi wachizungu. Makina ankachunidwa kuti khungu loyera lituluke bwino, ndipo lakuda linkatuluka ngati chikuni chopserera. Nkhani yochititsa manyazi ndi yakuti ena mwa amene adadandaula mpaka kumveka, cha m'ma 1960 ndi 1970, anali opanga mipando ndi chokoleti, poona kuti katundu wao wofiirira sankaoneka bwino m'zithunzi. Ndani mwa ife alibe chithunzi chakale chimene chimangoonetsa maso ndi mano a atate ake? Kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, ku China, imene imapanga Tecno, itel ndi Infinix, idachuna makamera ake poganizira khungu la Aafrika, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zimene zidaitchukitsa mu Africa muno. Nayonso Google idatulutsa njira yake yotchedwa Real Tone mu 2021, patapita zaka zochuluka chotere anthu akuda akujambulidwa molakwika. Mlimi wa thonje wa ku Phalula tsopano angathe kuoneka pa chithunzi monga momwe aliri, ngakhale pansi pa mtengo madzulo. Pamenepa tiwombe m'manja.

Koma dzanja lomwelo limene lidatibwezera khungu lathu likutilandanso. M'mafoni ambiri muli batani lolembedwa kuti Beauty, ndipo m'mafoni ena limakhala lotsekula kale pogula. Ntchito yake ndi kusalaza makwinya, kufafaniza zipsera, kuchepetsa masaya, kukuza maso ndi kuyeretsa khungu. Taonani zithunzi za maukwati zimene zimayenda pa WhatsApp. Mkwatibwi amene tidamuwona m'tchalitchi ali wakuda bwino ngati nthudza yakupsa, pa chithunzi wayera mbee, ndipo azakhali ake akuchita kufunsa kuti ameneyu ndani. Agogo amene nkhope yao idalembedwa ndi dzuŵa la zaka 70 za kulima asanduka osalala ngati chidole cha m'sitolo. Makwinya amenewo ndi mbiri: muli njala ya 2002, muli ana amene adaŵalera ndi amene adaŵaika m'manda. Makolo adati mako ndi mako, usamuwone kuchepa mwendo. Batani ili likuphunzitsa ana athu zosiyana, kuti mai ayambe akonzedwa asanaonetsedwe kwa anthu. Ndipo mtsikana amene tsiku ndi tsiku amadziwona woyera pa foni, koma wakuda pa kalilole, adzatsiriza n'kuda kalilole, kenaka khungu lake lomwe. Kuchoka pamenepo kufika pa mafuta oyeretsa khungu, amene ena amakhala ndi mankhwala oononga thupi, mtunda wake ngwaufupi.

Chachiŵiri ndi malo. Lero chala chimodzi chimafafaniza zonse zili kumbuyo kwa munthu. Mlambe wa ku Balaka umachoka, nkhokwe imachoka, nyumba ya udzu imachoka, ndipo m'malo mwake mumabwera nyumba yosanja ndi galimoto lonyezimira. Wina anganene kuti ameneŵa ndi maseŵera chabe. Komatu m'maboma athu aŵiriŵa, m'mene anyamata ambiri amapita ku Joni kukafuna ntchito, maseŵeraŵa ali ndi mtengo wake. Mnyamata wogona m'kachisakasa ka malata kunja kwa Johannesburg, wodya kamodzi pa tsiku, amatumiza kwao chithunzi chonga cha bwana. Satero chifukwa cha kuipa mtima. Akuwopa manyazi, ndipo safuna kuti mai ake azigona ndi nkhaŵa. Koma mng'ono wake wa Fomu 2 ku Nsanama amachiyang'ana usiku, n'kuyamba kuona ngati sukulu ikumuchedwetsa. Mbuzi zimagulitsidwa, njinga imagulitsidwa, ulendo n'kuyambika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo nyererezo mwana amakaziwona atafika kale.

Pali ena odzatsutsa kuti bodza la pa chithunzi silidayambe ndi foni. Akunena zoona. M'masitudiyo akale munali nsalu yojambulidwa mapiri ndi nyanja, munali jekete yobwereka, ndiponso wailesi yoti munthu ainyamule ngati yake. Koma kusiyana kwake n'kwakukulu. Aliyense ankadziŵa kuti nsalu ija ndi nsalu, ndipo jekete lomwelo linkapezeka pa zithunzi za mudzi wonse. Linali seŵero limene ojambulitsa ndi oonerera ankalidziŵa pamodzi, ndipo nkhope inkatsala ya mwiniwake. Kukonza kwa lero kulibe msoko woti n'kuuwona. Woonerera sadziŵa, ndipo kaŵirikaŵiri ngakhale wojambulayo sadziŵa zimene foni yake yachita.

Apa tafika pa chachitatu, chimene ndi chachikulu koposa. M'mwezi wa March 2023, munthu wina adaika pa kompyuta chithunzi cha mwezi chimene adachita kuchifafaniza dala, n'kuchijambula ndi foni ya Samsung. Foniyo idatulutsa mwezi wooneka bwino, wokhala ndi maŵanga amene panalibe pa chimene inkajambulacho. Mwezi womwewo padafalikira chithunzi cha malemu Papa Francis atavala chijekete choyera chofufuma. Anthu ambirimbiri adachikhulupirira, chonsecho chidapangidwa ndi pulogalamu ya Midjourney popanda kamera konse. Mu March 2024, makampani a nkhani monga Associated Press ndi Reuters adachotsa chithunzi cha banja lachifumu la ku Britain atazindikira kuti chidakonzedwa, ndipo Catherine, mkazi wa Prince William, adapepesa poyera. Ngati akatswiri amene ntchito yao ndi kuyesa zithunzi adayamba achifalitsa asanazindikire, nanga agogo a ku Nayuchi adzadziteteza bwanji?

Choopsa sikunyengedwa kokha ai. Bodza likachuluka, choona nacho chimataya mphamvu. Pamene namondwe wa Freddy adasakaza chigawo cha Kumwera mu March 2023, zithunzi za m'mafoni a anthu wamba zidathandiza kuti dziko lapansi lidziŵe msanga ndi kutumiza chithandizo. Pamene nyanja ya Chilwa idaphwa kwambiri mu 2018, zithunzi za mabwato ogona pa matope ong'aluka zidalankhula kuposa malipoti. Mmphaŵi alibe nyuzipepala, alibe loya. Foni ndiyo mboni yake yotsika mtengo pamene munda wake walandidwa kapena mlatho wakokoloka. Tsiku limene aliyense adzatha kuyankha kuti chimenecho n'chopanga, woyamba kuluza adzakhala mmphaŵiyo.

Maiko ena ayamba kuchitapo kanthu. Ku France kuyambira 2017, ndi ku Norway kuyambira 2022, lamulo limafuna kuti chithunzi cha malonda chimene thupi la munthu lakonzedwa chilembedwe kuti n'chokonzedwa. Koma lamulo lotere silingaloŵe m'nyumba mwanu, ndipo pamenepo ntchito yatsalira inu makolo. Pemphani mwana wanu akuwonetseni batani lija, ndipo mulitseke pojambula za pabanja. Kuwonjezera kuŵala pa chithunzi chakuda n'kuthandiza choona kuti chioneke. Kusintha khungu, msinkhu kapena malo n'kuchotsa choonacho, ndipo ana aphunzire kusiyanitsa ziŵirizi. Mukakonza chithunzi moseŵera, nenani kuti mwachikonza, ndipo choyamba chija musachifafanize. Inu amene muli ku Joni, tumizaninso chithunzi cha chipinda chimene mumagona, kuti ang'ono anu asankhe akudziŵa. Chithunzi chodabwitsa chikakufikani, musathamangire kuchitumiza. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Potsiriza, kamodzi pa chaka tsukitsani chithunzi chimodzi cha banja lonse pa pepala, mutaima pakhomo panu penipeni, nkhokwe ndi mbuzi zikuoneka, ndipo kuseri mulembe maina ndi chaka. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, imafa. Adzukulu anu sadzafunsa ngati munali osalala. Adzafuna kudziŵa kuti mphuno yaoyo adaitenga kwa yani, ndi kuti kwao kwenikweni kunali kotani.